Mbuzi za ruracio zinapita kuti?

Akikuyu a ku Kenya amatchula malowolo kuti ruracio. M'buku lake la mu 1938, Facing Mount Kenya, Jomo Kenyatta analemba kuti mwambo unkafuna nkhosa ndi mbuzi zokwana 30. Ambiri sankapereka zonse nthawi imodzi, ankapereka pang'onopang'ono kwa zaka. Ine ndimaona kuti kuchedwako n'kumene kunali kofunika, chifukwa ngongoleyo inkachititsa mabanja awiriwo kuti aziyenderana. Atsamunda a ku Britain atalanda minda yachonde n'kukhazikitsa msonkho wa nyumba, anyamata anayamba kukagwira ntchito m'minda ya azungu, ndipo ndalama zinayamba kulowa m'malo mwa ziweto. Lero akuluakulu amawerengabe mbuzi pokambirana, koma iliyonse amaiikira mtengo wake m'mashilingi.