Kabokosi ka lalanje komwe kankabweretsa nkhani pakhomo

Amene munayamba kugwiritsa ntchito intaneti cha m'ma 2005 mukukakumbukira kabokosi kakang'ono kamtundu wa lalanje, kokhala ndi kadontho ndi timizere tiwiri tokhota toyera, komwe kankakhala pakona ya masamba a nkhani. Kankaimira njira yotchedwa RSS. M'malo moti munthu azizungulira masamba khumi m'mawa uliwonse kukasuzumira ngati kwatuluka zatsopano, nkhanizo zinkamupeza zokha pamalo amodzi, yatsopano ili pamwamba.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Tsamba la nkhani limasunga kafayilo komwe mumalembedwa mutu wa nkhani iliyonse, mawu ochepa oifotokoza, ndi linki yake. Pulogalamu ya wowerenga imapita kukaona kafayiloko pafupipafupi, n'kubwera ndi zomwe zangolowa kumene.

Njirayi inabadwira ku kampani ya Netscape ku America mu Malichi 1999. Ramanathan Guha ndi Dan Libby anaikonza kuti tsamba la My Netscape lizitha kusonyeza mitu ya nkhani za masamba ena. Koma Netscape inali itagulidwa ndi AOL, ndipo mu 2001 eni atsopanowo anaisiya ntchitoyo. RSS inasanduka mwana wamasiye amene achibale akulimbirana kulera.

Mbali ina kunali Dave Winer wa kampani ya UserLand, yemwe anali atayesa kale njira yofanana nayo mu 1997, ndipo ankafuna kuti zinthu zikhale zophweka. Mbali inayo kunali gulu la akatswiri lomwe linatulutsa RSS 1.0 mu Disembala 2000. M'gululi munali kamnyamata ka zaka 14 zokha, Aaron Swartz, yemwe anadzatchuka pomenyera ufulu woti aliyense azipeza chidziwitso mosavuta, n'kumwalira mu Januwale 2013 ali ndi zaka 26. Winer anatulutsa RSS 2.0 mu Seputembala 2002, dzina lonse n'kukhala Really Simple Syndication, ndipo chaka chotsatira anapereka umwini wa malamulo ake ku yunivesite ya Harvard. Ena amene anatopa ndi mkanganowo anakonza njira yawoyawo yotchedwa Atom, yomwe inakhazikitsidwa mu 2005.

Mkati mwa kukokanakokana kumeneku munatuluka chinthu chomwe tikudyerera mpaka lero. Winer anawonjezera kamalo koti nkhani izitha kunyamula fayilo ya mawu. Apa ndi pomwe panachokera ma podcast. Dzinalo linayamba kuoneka mu nyuzipepala ya The Guardian mu Febuluwale 2004, m'nkhani ya Ben Hammersley, ndipo mu Juni 2005 Apple inawalowetsa mu iTunes.

Chaka chomwecho, mu Okutobala, Google inatsegula Google Reader, pulogalamu yowerengera nkhani za RSS, ndipo atolankhani ndi ofufuza ambiri anaisandutsa khonde lawo lowerengera m'mawa. Ubwino wake unali woti wosankha anali iwe mwini. Ukalembetsa nyuzipepala zisanu, zisanu zomwezo ndi zomwe unkalandira, nkhani zake zonse, popanda wina woima pakati.

Woima pakatiyo anafika mu Seputembala 2006, pomwe Facebook inayambitsa News Feed. Poyamba zinkaoneka ngati zofanana, koma kumeneko kompyuta za kampani ndi zomwe zimasankha chomwe uone ndi chomwe usaone, potengera zomwe zingakusunge nthawi yaitali pafupi ndi zotsatsa malonda. Anthu anakhamukira komweko chifukwa n'komwe kunali abale ndi anzawo. Pa 13 Malichi 2013 Google inalengeza kuti ikutseka Reader ponena kuti ogwiritsa ntchito achepa, ndipo pa 1 Julayi inatsekadi. Anthu oposa 500,000 anasamukira ku pulogalamu ina yotchedwa Feedly m'masiku awiri okha chilengezocho chitangotuluka. Mu Disembala 2018 Firefox, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti yomwe inatchukitsa kabokosi ka lalanje kaja, nayo inachotsa RSS.

Kwa ine uku kunali kutaya kwakukulu. Nkhani ya bajeti kapena ya mtengo wa feteleza sikopa anthu ngati mkangano wa anthu otchuka, choncho pa Facebook imamira pansi ngakhale ili yofunika. Wowerenga amaganiza kuti waona zonse, chonsecho waona zomwe amusankhira.

Komatu RSS sinafe. Ma podcast ambiri amafika pa foni kudzera mwa iyo. Masamba omangidwa ndi WordPress, omwe ndi ochuluka zedi, amakhala nayo kale: nthawi zambiri mukawonjezera /feed kumapeto kwa adiresi ya tsambalo, mumaipeza. Mapulogalamu monga Feedly ndi Inoreader akadalipo, ndipo popeza chomwe chimabwera kwambiri ndi mawu olembedwa, bandulo yanu siitha msanga ngati mmene imathera pa mavidiyo odziyambira okha.

Akonzi a nyuzipepala zathu, bwezeretsani kabokosi kaja poonekera. Nanu owerenga, sankhani masamba atatu omwe mumawakhulupirira, muwalembetse sabata ino.