Dzina la Mulungu ndi Funso la Umodzi wa Zipembedzo

Funso lakuti kodi zipembedzo zonse za pa dziko lapansi zinaphuka pa tsinde limodzi kawirikawiri amalisiyira abusa, mashehe ndi akatswiri a nzeru zakuya. Ife a zilankhulo safuna maganizo athu. Komatu tikalondola mbiri ya funsoli, tipeza kuti paliponse pamene zipembedzo ziwiri zinakumana panaima womasulira, ndipo nchito yake yoyamba inali kusankha liu loimira Mulungu. Liu limene iye anasankha ndilo limene a pambuyo pake analitenga ngati umboni wakuti anthu onse amapembedza mmodzi yemweyo. Umboni wotere uyenera kupimidwa.

Ganizoli silacilendo. M'caka ca 1540 Agostino Steuco, woyang'anira nyumba ya mabuku ku Vatican, anatulutsa buku lochedwa De perenni philosophia, m'mene anaphunzitsa kuti pali nzeru imodzi yakalekale imene Ahebri, Aigupto ndi Agriki anamwako onse. Aldous Huxley anadzutsanso dzina lomweli m'caka ca 1945. Koma amene analipira ganizoli ndi mutu wake ndi Dara Shikoh, mwana wamwamuna wamkulu wa mfumu Shah Jahan ya ku India. Akbar, agogo a bambo wake, anali atamanga kale nyumba yokambiramo za cipembedzo ku Fatehpur Sikri m'caka ca 1575, kumene Asilamu, Ahindu, Ajaini ndi ansembe a Cijezwiti ankatsutsana pamaso pa mfumu. Dara anapitirira apo. Analemba buku lofanizira Cisilamu ndi Cihindu ndi nyanja ziwiri zokumana, ndipo m'caka ca 1657, mothandizidwa ndi aphunzitsi a ku Benares, anamasulira m'Ciperezi malemba a Upanishad okwana ngati 50. Patapita zaka ziwiri mbale wake Aurangzeb, amene ankalimbirana naye ufumu, anamupha pa mlandu wa kupandukira cikhulupiriro.

Cimene ife tifuna kuona ndi kamasuliridwe kake. Dara anaveka mau a Cisansikriti zovala za Asufi, ndiwo Asilamu ofunafuna Mulungu m'kati mwa mtima. Brahma anamuyerekeza ndi mngelo Gabrieli. Kumasulira kwa Ciperezi kumeneku ndiko kumene Anquetil-Duperron anakutembenuzira m'Cilatini mu 1801 ndi 1802, ndipo ndimo mmene Schopenhauer ndi anzake a ku Ulaya analawira nzeru za Ahindu. Pamene iwo anazizwa kuti malemba a ku India akumveka ngati acibale a zipembedzo za Mulungu mmodzi, sanaganizire kuti mauwo anali atasefedwa kawiri, koyamba ndi Msilamu, kaciwiri ndi Mkatolika.

Kum'mawa kwenikweni zinthu zinavuta koposa. Francis Xavier anafika ku Kagoshima m'dziko la Japan m'caka ca 1549, ndipo womasulira wake Anjiro anamupatsa dzina lakuti Dainichi. Amonke a kagulu ka Shingon anamulandira ndi manja awiri, poti Dainichi ndiye Buddha wao wamkulu. Iwo anayesa kuti mlendoyo wadza ndi nthambi ina ya cipembedzo cao comwe. Xavier atazindikira, analeka dzinalo nayamba kulalikira Deus. Koma m'kamwa mwa Mjapani liuli limamveka Deusu, ndipo otsutsa ankaliseka kuti ndi dai uso, ndiko kuti bodza lalikulu. Ku China, Matteo Ricci anaona kuti maina akale a Tian ndi Shangdi angathe kuimira Mulungu wa Akhristu. Papa Clement XI anawaletsa mu 1704, nalola Tianzhu yekha. Aprotestanti nawo anakangana zaka makumi angapo osamvana, kotero kuti Baibulo lao la mu 1919 linasindikizidwa pawiri: lina likuti Shen, lina Shangdi.

Akatswiri a zilankhulo analowa m'bwaloli kudzera mwa Max Müller, amene anakonza mabuku 50 a malemba opatulika a kum'mawa. Iye ankanyadira kuti Dyaus Pitar wa Cisansikriti, Zeus Pater wa Cigriki ndi Jupiter wa Cilatini ndi dzina limodzi, lotanthauza tate wa kumwamba. Apa sanalakwe. Koma cibale cimeneci n'ca zilankhulo za banja limodzi. Cikutiuza kuti makolo a anthu amenewa ankalankhula cinenero cimodzi, osati kuti mtundu wonse wa anthu unali ndi guwa limodzi. Ndipo Cibuda ca Theravada, cimene malemba ake Müller anawaika m'mabuku omwewo, sicivomereza n'komwe za Mlengi. Pa msonkhano waukulu wa zipembedzo ku Chicago mu 1893, pamene Swami Vivekananda anachuka polalikira kulolerana, opembedza mwa makolo a mu Afirika analibe mpando. Umodzi umene unalengezedwa kumeneko unali wa zipembedzo zokhala ndi mabuku.

Nanga kuno kwathu? Azungu ena oyendayenda, monga Samuel Baker, ankanena poyera kuti mitundu ina ya mu Afirika sidziwa Mulungu. Amene anatsutsa zimenezi mwamphamvu ndi Edwin W. Smith, mmishonale wa Primitive Methodist amene anakhala pakati pa Aila kuyambira 1902 mpaka 1915, nalemba zambiri za Leza. Buku limene iye anakonza mu 1950, African Ideas of God, linatsegulira njira John Mbiti, amene mu 1970 anasonkhanitsa maganizo a mitundu pafupifupi 300 nanena kuti yonse imadziwa Mulungu mmodzi Wamkulukulu. Colinga cao cinali cabwino: kucotsa citonzo. Koma Okot p'Bitek wa ku Uganda sanakhutire. Iye anati akatswiriwa akuveka milungu ya Afirika mikanjo ya Agriki kuti ioneke bwino pamaso pa Azungu. Anasimbanso kuti ansembe a ku Italy atafika kwa Aacholi anaumirira kufunsa kuti anawaumba ndani. Anthuwo, potopa ndi funso losamveka m'cilankhulo cao, anachula Rubanga, mzimu umene ankati umapinda msana wa munthu n'kumucititsa linunda. Dzina limenelo ndilo linalowa m'katekisimu.

Nkhani ya Citswana ikutikhudza kwambiri cifukwa mau ake ndi abale a mau athu. Robert Moffat, amene anatsiriza Baibulo la Citswana ku Kuruman mu 1857, anasankha Modimo. Gabriel Setiloane anaonetsa mu 1976 kuti liuli lili m'gulu la maina osakhala a anthu, ndipo kuti makolo sankaliganizira ngati mwamuna wokhala pa mpando wacifumu. Musa Dube naye anadandaula mu 1999 kuti m'Baibulo la mu 1908 liu lakuti badimo, makolo amene anatsogola, linagwiritsidwa nchito pomasulira ziwanda. Tsinde la mau awiriwa ndi limodzi, ndipo ndi lomwe lili m'liu lathu lakuti mzimu. Womasulira analing'amba pakati: theka anakwezera kumwamba, theka anaponya kumoto.

Cinyanja cathu cisunga zipsera za mtundu womwewo. Timati Mulungu ali, monga timanenera munthu ali. Koma pochula ambiri timati milungu ili, monga minda ili. Mmodziyo ali m'gulu la anthu, ambiriwo ali m'gulu la zinthu, ndipo mwana wa sukulu amaphunzira kusiyana kwa coona ndi fano asanatsegule n'komwe Baibulo. Makolo athu anali ndi maina ena: Namalenga, Mphambe, Cisumphi, Cauta, Leza. Ambiri mwa iwo amanunkhira mvula. Mphambe amamveka m'bingu. Kwa Cisumphi anthu ankapita ku Msinja, kumene Makewana ankapempha mvula. Ndipo Leza, amene Atonga ndi Aila amamuchula mpaka lero, Abemba namuti Lesa, anatsalira kwa ife m'liu lakuti utawaleza. Amene ankapembedzedwa pa kacisi anali mwini mvula, ndipo anthu ankamufikira kudzera mwa mizimu. Sitikana kuti ankamudziwanso ngati Mlengi. Tikungoti cimene cinkawasonkhanitsa pansi pa mtengo wa msolo sicinali funso la mmene dziko linayambira, koma la mmene mbeu zidzamerere.

Apa tiyenera kucenjera kuti tisagwere mbali inayo. Ngati zonse zinali zopeka za omasulira, bwanji dzina la Mulungu linagwira msanga motere? Anthu sangalandire liu lao lomwe litapatsidwa tanthauzo limene sakulizindikira konse. Agogo amene anamva ulaliki woyamba ku Magwero kapena ku Kacebere anamvamo kanthu kena kao. Kodi kanthuko n'kuvomereza kuti moyo sutidalira ife tokha? Mwina n'conco, koma cinthu cacing'ono cotere sicikwanira kunena kuti Mbuda, Msilamu ndi mkulu wa ku kacisi amaphunzitsa zofanana. Ngakhale Mpingo wa Katolika, m'cikalata ca Nostra Aetate ca mu 1965, unangoti sukana coona ndi coyera cimene cipezeka m'zipembedzo zina; sunati zonse n'cimodzimodzi.

Nkhaniyi sinathere m'mabuku akale. Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lacikhristu, ndipo mauwo analowa m'ciyambi ca malamulo a dziko mu 1996. Pomwe Msilamu wa ku Chipata, polankhula Cinyanja ndi mnansi wake wa Reformed, amachula Mulungu yemweyo ndi liu lomwelo. Buku Lopatulika la mu 1922 linasunga dzina la Cihebri monga Yehova. Omasulira a Buku Loyera la mu 1998, Akatolika ndi Aprotestanti pamodzi, anaikapo Cauta, amene iwo amalemba Chauta, dzina limene makolo ankafuulira m'caka ca cilala.