Mfuu ya mwana wosowa m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa

Adzukulu inu, nkhalango ya phiri la Ntchisi mumaidziwa ngati malo a alendo odzaona mbalame. Agogo anga aakazi ankaitcha kothawira. M'zaka za m'ma 1800, Angoni a Chiwere atakhazikika cha ku Mvera, nkhondo ikangomveka anthu ankabereka ana n'kukalowa m'mitengo yowirira ija. Kunyanja nako kunali Jumbe wa ku Nkhotakota, amene zombo zake zinkaolotsa akapolo. Mwana akasowa masiku amenewo, mtima wa make unkathamangira ku chifwamba.

Tsono mwana akangoyamba kuyankhula bwino, agogo ake ankamukhazika pamwendo ku kuka n'kumamufunsa: "Ndiwe yani? Mfunda wako? Amalume ako ndani? Mudzi wa yani?" Ankabwereza mpaka lilime litazolowera, kuti mwana wotoledwa kutali adzinenere yekha kwawo. Kuchitsime ndi kunkhuni kunalibe kupita wekha. Mlendo akakuonetsa mchere kapena mkanda, unkathawira kumene kukumveka mtondo, chifukwa posinja pamakhala amayi. Nkhungu ikakutsekera m'phiri, usayendenso ayi: khala patsinde pa mtengo umodzi, uzikuwa.

Ana ankawerengedwa pa nsima ya madzulo. Akaperewera mmodzi, make ankakuwa mfuu pomwepo, ng'oma n'kulira kwa nyakwawa. Za amene walekerera mwana zinkadikira mawa. Amayi ankayambira kumtsinje ndi kuzitsime, poti madzi sachedwa kupha. Amuna ankakwera phiri ndi agalu, mikondo ndi miyuni ya udzu, mnyamata waliwiro n'kukauza midzi yoyandikana kuti aime pa mphambano. Nkhalamba zinkatsala pabwalo kusonkheza moto waukulu woti uoneke patali.

Chimene ndimawatamira kwambiri makolo aja n'chakuti ankaitana mwanayo mofatsa, ndi dzina lomwe make amamuitanira. Ankadziwa kuti mwana woopa mkwapulo amabisala, ofunafuna n'kumudutsa ali phee m'tchire, akumva dzina lake. Akapezeka ankamufunditsa nsalu, kumupatsa phala lotentha, n'kumusiya agone. Mafunso ankabwera kutacha, ndipo ofunsa anali agogo ake, osati atate ake ali ndi mkwiyo. Mwana womenyedwa lero, mawa munthu akamunyengerera sadzaulula.

Mu 2003 kuno ku Dowa tidalawako mantha akale aja, chilombo chitapha anthu atatu, mmodzi mwa iwo mwana wa zaka zitatu. Anthu zikwizikwi adasiya midzi kukagona paboma, ndipo a boma adati anali fisi wachiwewe. Nthawi imeneyo panalibe kholo lotuma mwana kugolosale dzuwa litapendeka.

Lero chifwamba chimabwera pa galimoto, chimalonjeza mtsikana ntchito ku Lilongwe, chimalowera pa foni. Ndimamva chisoni ndikaona makolo, mwana atasowa, akugona usiku wonse ali duu, akuti mwina ali kwa azakhali ake, kuopa manyazi. Kuwani, anthu amve! Wina athamangire kwa amfumu ndi a chitetezo cha m'mudzi, wina aimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana, wina apite kupolisi ku Mponela, ku Dowa kapena ku Ntchisi ndi chithunzi, akanene zimene mwanayo wavala ndi amene adamuona komaliza. Ndipo iwe Nabanda, kamwana kakoko kaloweze nambala ya foni yako sabata ino.