2023: sizoni imene Pac-12 inasewera maliro ake atalengezedwa kale

Pa 4 Ogasiti 2023, kutatsala masabata atatu kuti sizoni iyambe, mayunivesite asanu analengeza tsiku limodzi kuti akutuluka mu ligi ya Pac-12. Oregon ndi Washington anati akupita ku Big Ten. Arizona, Arizona State ndi Utah anasankha Big 12. Colorado inali itatsanzika kale sabata yapitayo, ndipo USC ndi UCLA anali atayamba zonsezi mu Juni 2022. Pa 1 Seputembala, Stanford ndi California nawonso ananyamula katundu. Pa mamembala 12 panatsala awiri okha, Oregon State ndi Washington State. Koma kusamukako kunali kwa 2024, choncho onse anayenera kuseweranso limodzi sizoni imodzi, ngati banja loti latha kubwalo koma likudyerabe m'mbale imodzi.

Mpira ndikunenawu ndi wa ku America uja, wa zipewa zolimba, wofanana pang'ono ndi rugby. Osewera ndi ophunzira a payunivesite, ndipo masukulu amagawidwa m'maligi a zigawo. Pac-12 inali ya kumadzulo, kugombe la Pacific. Mizu yake ili mu 1915, pamene masukulu anayi anakumana ku Portland n'kukhazikitsa Pacific Coast Conference. Awiri mwa anayiwo anali Oregon ndi Oregon State. Ligi yoyambayo inagwa mu 1959 zitaululika kuti masukulu ena ankapatsa osewera ndalama mobisa. Ya m'malo mwake inagwanso chifukwa cha ndalama, koma ulendo uno zinali za akuluakulu, ndipo palibe amene anabisa.

Gwero lake linali wailesi za kanema. Mu 2022 Big Ten inasaina mgwirizano wa madola pafupifupi 7 biliyoni kwa zaka 7 ndi Fox, CBS ndi NBC. Pac-12 inali ndi mavuto awiri akale. Loyamba ndi nthawi: kumadzulo kuli m'mbuyo ndi maola atatu, ndiye masewero a usiku ku Seattle ankatha anthu a ku New York atagona. Lachiwiri ndi wailesi yakeyake, Pac-12 Network, imene inayamba mu 2012 pansi pa Larry Scott koma sinafike m'nyumba zambiri monga ankalonjezera. Wolowa m'malo mwake, George Kliavkoff, anatha chaka akufunafuna wogula, n'kubwera ndi dongosolo la Apple loonetsera masewero pa intaneti, lomwe ndalama zake zinkadalira kuchuluka kwa olembetsa. Atsogoleri a masukulu anaona manambalawo, ndipo m'masiku ochepa ligi inabalalika.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mpira wa chaka chimenecho unali wabwino kuposa wa zaka zambiri zapitazo. Pakati pa Seputembala matimu 8 mwa 12 anali pa mndandanda wa AP wa matimu 25 apamwamba m'dziko lonse. Colorado ya Deion Sanders inagonjetsa TCU 45-42 pa tsiku lotsegulira, dziko lonse n'kumalankhula za iyo, ngakhale inadzathera pa kupambana kanayi ndi kugonja ka 8. USC inali ndi Caleb Williams, wopambana Heisman wa 2022, koma kumbuyo kwake kunali ngati sefa. Nkhani yeniyeni inali ya Washington ndi Oregon.

Anakumana pa 14 Okutobala ku Seattle, onse asanagonjepo. Mu mpira uwu timu imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10. Pa mwayi wachinayi ambiri amangokankhira mpira kutali kuti adani ayambire patali. Mphunzitsi wa Oregon, Dan Lanning, anakana kuchita mantha katatu konse, ndipo katatu konseko zinamukanika. Kachitatu kanali kutatsala mphindi ziwiri, Oregon ikutsogola. Washington inatenga mpira pakati pa bwalo, ndipo Michael Penix Jr. anangofunika kuponya kawiri kuti Rome Odunze agoletse. Oregon inapeza mwayi womaliza wofananitsa, koma Camden Lewis anaphonya pa mayadi 43. Zinathera 36-33. Anthu anamunena kwambiri Lanning. Ine ndimaona kuti chisankho chachitatucho chinali cholondola: akanapeza mayadi atatu okha masewero akanatha pomwepo, ndipo kubwezera Penix mpira, kaya pafupi kaya patali, kunali kudziika m'kamwa mwa mkango.

Penix ameneyu ndi wofunika kumutchula. Ku Indiana sizoni zinayi zotsatizana zinamuthera kuchipatala, kawiri bondo, kawiri phewa. Anasamukira ku Washington mu 2022 kutsatira Kalen DeBoer, ndipo mu 2023 anakhala wachiwiri pa mavoti a Heisman, Bo Nix wa Oregon n'kukhala wachitatu.

Kumapeto kwa Novembala kunabwera masewero a apachibale. Oregon inakwapula Oregon State 31-7, ndipo m'mawa mwake mphunzitsi wa Oregon State, Jonathan Smith, amene anaphunzira ndi kusewera pomwepo, anapita ku Michigan State. Washington State inatsala pang'ono kubwezera chipongwe: zinali 21-21 mpaka DeBoer atayesa mwayi wachinayi ali m'chigawo chake chomwe, Odunze n'kuthamanga nawo, Washington n'kupambana 24-21 ndi kiki yomaliza. Kwa ine, masewero amenewo ndi omvetsa chisoni kuposa onse, chifukwa anaonetsa kuti wosiyidwayo sanali wofooka pabwalo. Cholakwa chake chinali kukhala ku Pullman, tauni yaing'ono yopanda oonera kanema ambiri.

Pa 1 Disembala ku Las Vegas, Washington inagonjetsanso Oregon 34-31, ngakhale obetcha ankakondera Oregon. Inalowa mu playoff, koyamba kwa timu ya Pac-12 chichokereni 2016, inaposa Texas 37-31, n'kugonja kwa Michigan 34-13 pa 8 Januwale 2024 ku Houston. Matimu onse awiri a mufainoloyo anali oti chaka chotsatira adzakhala mu Big Ten.

Ena amati masukulu analibe kuchitira mwina, ndipo ndikuwamva: ndalama za mpirawu ndi zimene zimalipirira masewero ena onse a pasukulu. Koma amene analipira mtengo wake sanafunsidwe. Wophunzira wa volleyball ku Seattle tsopano amauluka makilomita pafupifupi 3,900 kukasewera ndi Rutgers ku New Jersey, n'kubwerera kudzalemba mayeso. Stanford ndi California, amene ali pafupi ndi Pacific, amasewera mu ligi yotchedwa Atlantic Coast Conference.

Osiyidwa awiri aja anapita kukhoti, ndipo mu Novembala 2023 woweruza wa ku Whitman County anawapatsa ulamuliro wa ligiyo ndi chuma chake. Mu Seputembala 2024 anayamba kuitana mamembala atsopano, monga Boise State ndi Fresno State, kuti dzina la Pac-12 lisafe. DeBoer sanadikire zonsezo. Patangopita masiku anayi kuchokera pa fainolo ya ku Houston, anasaina ku Alabama kukalowa m'malo mwa Nick Saban.