Za Malire a pa Lizulu

Ife amene tigula mbatata ya kacewere pa msika wa Lizulu tidziwa kuti mseu waukuru wocokera ku Dedza kunka ku Ncheu ugawa maiko awiri: kum'mawa kwace ndiko Malawi, kumadzulo kwace ndiko Mozambique. Koma kodi ana a m'masukulu mwathu adziwa amene anaika malire amenewa? Tiyenera kuwauza.

Kale panalibe malire pano. Angoni a Maseko anamanga midzi yao patsinde pa phiri la Domwe, ndipo mfumu yao Cikuse inalamulira anthu a mbali zonse ziwiri za mapiri ano.

Masiku amenewo Angelezi ndi Apwitikizi analimbirana dziko la ku Shire. M'caka ca 1890 Angelezi anaumiriza Apwitikizi kuti acotseko asilikari ao, ndipo pa 11 June 1891 anapangana pangano ku Lisbon, kutari ndi eni dziko. Anagwirizana kuti kuno kwathu malire atsate msana wa mapiri, pamene madzi a mvula apatukana. Kumene madzi atsikira ku Nyanja ndi ku Shire kukhale kwa Angelezi. Kumene atsikira kumadzulo kunka ku Zambezi kukhale kwa Apwitikizi. Potero Domwe anagwa m'manja mwa Apwitikizi, dziko lace nilichedwa Angonia, ndipo mtundu umodzi unakhala pansi pa maboma awiri. M'caka ca 1896 Gomani, mwana wa Cikuse, anaphedwa ndi asilikari a Angelezi.

Koma taonani, pa tsiku la tsoka anthu sanaleka kuthawira kwa abale ao. M'caka ca 1953 Inkosi Philip Gomani wa pa Lizulu pano anakana citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo boma litafuna kumgwira anathawira ku Angonia. Apwitikizi anambweza, namwalira iye m'caka ca 1954. Pambuyo pace, nkhondo yapaciweniweni itakula m'Mozambique, anthu ngati miliyoni imodzi anathawira m'Malawi. Ambiri a ku Angonia anangodumpha mseu uno, nalandiridwa m'midzi ya Ncheu ndi Dedza, kufikira pangano la mtendere la ku Rome m'caka ca 1992 linawatsegulira njira ya kwao.

Cifukwa cace inu aphunzitsi, phunzitsani ana zinthu ziwiri pamodzi. Coyamba, alemekeze malire, pakuti boma liri lonse liri ndi malamulo ace, ndipo kukangana za malire kwakhetsa mwazi m'maiko ambiri. Caciwiri, asamuyese mlendo munthu wa kutsidya kwa mseu, wolankhula cinenero cathu, wobvina ngoma yathu, amene makolo ace ndi athu anagona m'manda amodzi. Akuru anati, cibale ndi pfupa, siciola.