Goloboyi wobadwira ku Joni amene anadikira zaka 8

Ku Chinyunyu kuno ku Rufunsa madzi amatumphuka pansi ali otentha, nthunzi ili tolotolo. Mwezi wa Okutobala ukafika phula la mu Great East Road limachita kunyezimira ndi dzuwa, ndipo ayezi amene timamudziwa ndi wa m'bokosi la mayi wogulitsa zoziziritsa kukhosi m'mbali mwa msewu, yemwe pofika masana amakhala atasungunuka kale. Mukamuuza mwana wa kwa Mpanshya kuti kuli anthu amene amadya ndi kumanga nyumba chifukwa chothamanga pa madzi oundana, akhoza kukuyang'anani kawiri. Komatu alipo, ndipo mmodzi wa agoloboyi otchuka a masewera a ice hockey anabadwira ku Joni komwe kuja makolo athu ankapita kukagwira ntchito m'migodi.

Dzina lake ndi Olaf Kölzig. Anabadwa pa 6 Epulo 1970 mumzinda wa Johannesburg, kwa makolo ochokera ku Germany. Sindikufuna kumukokera kwathu mokakamiza: anachoka ku South Africa ali wamng'ono, n'kukakulira ku Canada, kumene mwana amavala nsapato za pa ayezi monga wathu kuno amayambira kumenya mpira wa mapepala. Ubale wake ndi dera lathu ndi wa mchombo basi. Chimene chandigwira mtima ine ndi m'mene munthuyu anapiririra.

Masewera ake ali motere. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 6, atavala nsapato zokhala ndi chitsulo ngati mpeni kunsi kwake, m'manja muli ndodo zopindika kunsonga. Mpira wawo si wozungulira ngati wathu, ndi kamphira kolimba kaphwatalala, kukula kwake ngati kachitini ka polishi wa nsapato, kolemera pafupifupi magalamu 170. Katswiri akakamenya kamatha kupitirira liwiro la makilomita 150 pa ola. Goloboyi amaima pa golo lotambalala mamita osakwana awiri, atadziphimba thupi lonse ndi zotchingira, nkhope ili m'chisoti cha mawaya, kudikira kuti kachinthu kameneka kamugunde. Kölzig ndi chimunthu chachitali, cha masentimita opitirira 190, ndipo ali mnyamata anali wamtima wapachala, wosachedwa kuthyola ndodo akamwetsedwa chigoli. Anzake anamutcha Godzilla, iye n'kujambulitsa chilombocho pa chisoti chake.

Mu 1989 timu ya Washington Capitals, ya mu ligi yaikulu ya NHL, inamusankha pa nambala 19 mwa anyamata onse a chaka chimenecho. Anasewera magemu awiri okha, n'kubwezedwa ku timu ya achinyamata ya Tri-City Americans. Kuchokera apo unali ulendo wa m'maligi ang'onoang'ono, woyenda pa basi usiku: Baltimore, Hampton Roads, Rochester, Portland. Mu 1994 anathandiza Portland Pirates kutenga chikho cha Calder Cup, iye n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino koposa m'magemu a ndime yotsiriza. Ngakhale zinali choncho, golo la Washington linapatsidwa kwa Jim Carey, mnyamata wocheperapo msinkhu, amene mu 1996 anatenga mphotho ya goloboyi wopambana. Carey atagulitsidwa ku Boston mu 1997, m'malo mwake munabwera Bill Ranford. Kölzig anali pa benchi pomwepo.

Aliyense amene anaonerapo mpira wa m'midzi akumudziwa goloboyi wachiwiri. Amabwera koyambirira pa bwalo, amanyamula chigubu cha madzi, amatenthetsa thupi limodzi ndi anzake, kenako amakhala pansi mpaka wezulo yomaliza. Wosewera wa kutsogolo amatha kulowetsedwa mphindi khumi zotsiriza n'kuonetsa luso lake, koma golo ndi la munthu mmodzi. Ambiri amatopa n'kusiya, ndipo sindiwaimba mlandu. Kölzig anadikira golo la Washington zaka 8.

Pa gemu yoyamba ya sizoni ya 1997-98 Ranford anavulala. Kölzig analowa ali ndi zaka 27, ndipo golo lija sanalibwezenso. Sizoni yomweyo Washington inagonjetsa Boston, Ottawa ndi Buffalo, n'kufika mu fainolo ya Stanley Cup, chikho cha NHL, koyamba m'mbiri yake. Pa ulendo wopita ku fainoloyo iye anamaliza magemu anayi osamwetsedwa chigoli ngakhale chimodzi. Mu fainolomo Detroit Red Wings inawakwapula magemu onse anayi, chikho n'kupita. Mu 2000 analandira Vezina Trophy, mphotho yomwe ija anaonerera Carey akunyamula. Popeza sanatenge unzika wa Canada, ankaimira Germany, ndipo anasewera pa Olimpiki ya ku Nagano mu 1998 ndi ya ku Turin mu 2006.

Kusiyana kwake ndi Washington kunali kowawa. Mu Febuluwale 2008 timuyo inagula goloboyi wina, Cristobal Huet, ndipo munthu amene anatumikira zaka pafupifupi 20 anapezekanso pa benchi. Sizoni itatha anachotsa yekha chikwangwani cha dzina lake pamalo pomwe ankavalira, n'kupita ku Tampa Bay. Kumeneko anasewera magemu 8 okha, mtsempha wa pamkono n'kuduka. Anapuma mu 2009 atasewera magemu 719 mu NHL ndi kupambana 303.

Pali mbali ina ya moyo wake imene makolo ambiri kuno angaimve msanga. Mwana wake wamwamuna atapezeka ndi vuto la autism, lija limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi anzake, Kölzig sanam'bise m'nyumba. Iye ndi osewera anzake, mnzake wapamtima Byron Dafoe ndi Scott Mellanby, anayambitsa bungwe la Athletes Against Autism, ndipo mu 2006 ligi inam'patsa King Clancy Trophy chifukwa cha ntchito zothandiza anthu.

Patapita nthawi mkwiyo unaphwa ndipo anabwerera ku Washington kukaphunzitsa osewera achinyamata, makamaka a m'maligi ang'onoang'ono momwe iye anachedwa. Anali pa ntchito yomweyo mu Juni 2018 pamene Capitals inagonjetsa Vegas Golden Knights n'kunyamula Stanley Cup koyamba, patatha zaka 20 kuchokera pa fainolo ija ya Detroit.