Maina a misewu ya Blantyre amasunga mbiri

Kondakitala akamakuwa kuti "Limbe! Limbe! Ginnery Corner!", okwera amangoganiza za mpando ndi chenje. Komatu aliyense wodutsa m'tauni ya Blantyre amaponda pa mbiri, chifukwa pafupifupi dzina lililonse la msewu ndi la dera lili ndi mwini wake.

Mzindawu unayamba mu 1876, pamene Henry Henderson wa mpingo wa Church of Scotland, motsogozedwa ndi womasulira wake Tom Bokwito, anasankha malo a mishoni pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, m'dera la mfumu Kapeni. Malowo anawatcha Blantyre pokumbukira tauni ya ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira, ngakhale ambiri mpaka lero amakonda kunena kuti Kabula. Dzina la Henderson lidakalipo pa msewu wa Henderson Street ndi pa sukulu ya Henry Henderson Institute (HHI).

Amalonda sanachedwe kulondola amishoni. Mu 1878 kunakhazikitsidwa kampani ya African Lakes, yoyendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a m'maso, ndipo anthu anamutcha Mandala. Dzinali linafalikira ku sitolo zake, ku nyumba imene anamanga mu 1882, kenako ku dera lonse. Nyumba ya Mandalayo idakali chiimire, ndipo muli laibulale ya Society of Malawi. Ndi ku Mandala komweko kumene anthu a John Chilembwe anakathyola mosungira mfuti mu Januwale 1915.

Koma chonyadira chachikulu cha mzindawu ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels. M'busa David Clement Scott, amene anatsogolera ntchito yochimanga, sanaphunzire ntchito yojambula mapulani a nyumba, ndipo amisiri ake anali anthu a m'midzi yozungulira, amene anaumba ndi kuwotcha njerwa pamalo pomwepo. Anayamba mu 1888 n'kumaliza mu 1891. Ukayima pafupi n'kuyang'ana bwino, umaona njerwa za maonekedwe osiyanasiyana, zina zokhota, zina zosemedwa, zonse zolukidwa ngati mkeka. Patha zaka zoposa 130, koma manja a agogo athu akuonekabe pa khoma limenelo.

Sitima itafika mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, tauni ya Limbe inakula ndi fodya, njanji ndi sitolo za amwenye. Matauni awiriwa, Blantyre ndi Limbe, anaphatikizidwa mu 1956. Pakati pawo pali Ginnery Corner, dzina lochokera ku fakitale yotonongola thonje, ndi Chichiri, kumene mbendera ya Malawi inakwezedwa koyamba pa 6 Julayi 1964 m'bwalo lomwe lero timati Kamuzu Stadium.

Maina ena amakumbutsa zowawa. Depoti ya Wenela inatenga dzina ku bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa, kumene abambo ambiri anapita n'kusiya mabanja kwa zaka. Madera monga Sunnyside ndi Namiwawa anali a azungu, pamene ogwira ntchito achikuda ankakhala kunja kwa malire a tauni, ku Ndirande ndi kwina, n'kumayenda wapansi m'mamawa. Kusiyana kwa misewu ndi mipope ya madzi komwe tikuona lero kunayambira kumeneko.

Ufulu utabwera, zikwangwani zinasintha. Victoria Avenue inatsala, koma panabwera Haile Selassie Road, yolemekeza mfumu ya ku Ethiopia, ndi Glyn Jones Road, ya bwanamkubwa womaliza wa Nyasaland. Msewu waukulu wopita ku Limbe, umene unali Kamuzu Highway, tsopano ndi Masauko Chipembere Highway, dzina la munthu amene anafera kunja kwa dziko lake atasemphana ndi Kamuzu mu 1964.

Mbiri imeneyi ikhoza kutayika. Zikwangwani za misewu zikuzimiririka, ndipo nyumba zakale zikugwetsedwa popanda wofunsa. Khonsolo ya mzinda ibwezeretse zikwangwani, aphunzitsi atengere ana ku Mandala ndi ku mishoni, nafenso makolo tiwauze ana athu chifukwa chake depoti ija imatchedwa Wenela.